Ndithandizeni kusankha chikuto cha buku langa

Akuluakulu, mutu umodzi susenza denga, ndiye ndabwera kwa inu. Ndamaliza kulemba kabuku ka ndakatulo za moyo wathu kuno ku Mulanje, ndipo mnyamata amene akundikonzera chikuto wanditumizira zithunzi ziwiri pa WhatsApp.

Choyamba ndi nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, ija ya mamita 3,002, itabisala theka m'mitambo. N'chokongola, osanama, koma phirili lili kale pa makalendala ambirimbiri. Ndikuopa kuti anthu aziyesa ndi buku la alendo okwera phiri. Komanso dzina la buku lagwera pa thanthwe lotuwa, moti munthu ukaima chapatali silikuwerengeka.

Chachiwiri ndi munda wa tiyi m'mamawa, mizere ili biriwiri, mayi wina dengu kumsana akuthyola masamba, phiri likuonekera patali. Ichi chandigwira mtima, paja mayi anga anakalambira ntchito imeneyi. Vuto ndi lakuti titayesa kusindikiza, kubiriwira kuja kunatuluka kwakuda ngati nkhwani wopsereza.

Inuyo mutapeza zikuto ziwirizi m'sitolo ya mabuku mungatole chiti? Nanga amene munasindikizapo ku Blantyre, pepala lonyezimira lija limathandiza kuti mtundu wobiriwira usade, kapena ndingotayapo ndalama?