Kastudio pa Kasungu boma: ayambire pati?

MaiWaTadala: Akuluakulu, mng'ono wanga amapanga mabiti pa FL Studio, pulogalamu ya pa kompyuta yopangira nyimbo, usana ndi usiku. Akufuna kutsegula kastudio kake, osakhala pansi pa kampani iliyonse. Ndalama ndi zochepa. Agule chiyani poyamba, nanga ntchitoyi munthu angadyere?

Bambo_a_Santhe: Mayi, asathamangire masipika akuluakulu. Poyamba pafunika audio interface (kabokosi kolumikizira maikolofoni ku kompyuta) yolowetsa mawaya awiri, ngati Focusrite Scarlett 2i2, maikolofoni imodzi ya condenser, pop filter (kasefa kotchinga mpweya wa m'kamwa kutsogolo kwa maikolofoni) ndi mahedifoni otseka makutu. Maikolofoni imeneyi siilira popanda kuyatsa batani la 48V la pa audio interface, lomwe limaipatsa magetsi, ndipo ambiri amaibweza kwa wogulitsa akuganiza kuti ndi yakufa. Mu pulogalamu yojambulira asankhe 24-bit, ndipo pa mita yoonetsa kukwera kwa mawu asamapitirire -6 dB, chifukwa mawu akaphwanyika pojambula sakonzekanso.

Koma chimene chimaononga nyimbo zambiri ndi chipinda. Nyumba ya malata yopanda siling'i, mvula ya Januwale ikangoyamba, ntchito yaima. Mathileyi a mazira omata m'makoma musavutike nawo, satchinga phokoso. Matiresi ochindikala m'makona ndi bulangeti kumbuyo kwa woimba zimathandiza kwambiri. Magetsi akamathimathima agule batire ndi inverter ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati a ESCOM. Zotchipa zija zimalowetsa kaphokoso ka "zzzz" m'mawu.

DJ_Kamwendo: Kudyera angadyere, koma osati pa anyamata a hip hop okha, iwo ambiri amabwera ndi "ndilipira nyimbo ikatchuka". Chimene chimasunga studio kuno ndi makwaya a mipingo: amabwera ndi chimbale chathunthu, ndalama atasonkherana kale. Aphunzire kujambula gulu, soprano payokha, alto payokha, tenor ndi bass chimodzimodzi. Ndalama zimayenda fodya akamagulitsidwa ku msika wa Chinkhoma ndiponso soya ndi mtedza zikatuluka m'munda. Asungeko za lendi, chifukwa Januwale ndi Febuluwale studio imakhala zii.

Lamulo likhale ili: theka la ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba asanayatse kompyuta, lotsalalo asanapereke nyimbo. Nyimbo yoti woimba akamvere kunyumba aikemo mawu a dzina la studio pakati, apo ayi mawa muimva ikulira pa wailesi ya Mudziwathu musanalandire kanthu.

Achimwene_Nkhamenya: Ndionjezere za mapepala, poti apa ndi pamene opanga nyimbo amalirira. Akapanga biti, ndiye kuti wapeka nawo nyimboyo. Tsiku lomwelo alembe pepala: dzina la nyimbo, wolemba mawu, wopanga biti, gawo la aliyense, onse asaine. Kenako akalembetse ku COSOMA, bungwe limene limatolera ndalama nyimbo zikaseweredwa pa wailesi. Dzina lake likapanda kulembedwa, zonse zimapita kwa woimba. Papepalapo palembedwenso ngati bitiyo yagulitsidwa kwa munthu mmodzi yekha kapena ena angaimbeponso.

Mafailo a WAV, omwe amasunga nyimbo osaichepetsa mawu, asunge pawiri, pa laputopu ndi pa hard drive yapadera. Nyimbo yotumizidwa pa WhatsApp siyopereka ku wailesi.