Madontho akuda otsala ndi ziphuphu, ndidzole chani?

Wofunsa:
Anzanga ndithandizeni chonde. Ziphuphu zinatha koma zandisiyira madontho akuda m'masaya ndi pachibwano, moti nkhope kwina yakuda kwina yowala. Mafuta oyeretsa khungu sindikuwafuna ayi, ndikungofuna khungu langa lomweli lifanane basi. Ena akuti ndizipaka mandimu pogona ena akuti aloe vera, nanga nditenge chiti?

Yankho 1:
Asisi mandimuwo asiyeni chonde. Madzi ake ndi asidi, amawotcha khungu, ndipo mukatuluka padzuwa atatsalira pankhope malo aja amatha kupsa n'kuda kuposa poyamba. Soda ndi mankhwala otsukira mano chimodzimodzi. Aloe vera amaziziritsa khungu ndithu koma pa madontho amachedwa.

Yankho 2:
Nkhani yake ndi iyi, khungu likapweteka kaya ndi chiphuphu kaya mwachifinya ndi zikhadabo limapanga melanin (chomwe chimapatsa khungu mtundu wake) wambiri pamalo pomwepo, dontho lija ndi limenelo, ndiye dzuwa likamawombapo limangodabe, nchifukwa chake ine ndimati kudzola zinazi popanda sunscreen (mafuta oteteza khungu ku dzuwa) nkutaya nthawi. Pezani wa SPF 30 kapena kuposa (SPF ndi nambala yosonyeza mphamvu yake yoteteza ku dzuwa), mudzole mmawa uliwonse olo kuli mitambo, chipewanso chimathandiza. Mukatero ndiye zina zija zimagwira, vitamin C mmawa, niacinamide amene ndi vitamin B3, kapena mafuta okhala ndi licorice extract, ameneyu amachepetsa kapangidwe ka melanin. Turmeric wosakaniza ndi uchi ena amamukonda koma amasiya chikasu pankhope ndi pa pilo. Musayambe zonse nthawi imodzi, tengani chimodzi, muyese kuseri kwa khutu mudikire masiku awiri muone ngati sichikuyabwa. Ndipo manja achoke pankhope asisi, kufinyako ndi komwe kumabweretsa madontho atsopano.

Yankho 3:
Onjezerani kuleza mtima, zinthuzi zimatenga miyezi osati sabata. Mafuta ena amalemba kuti ndi achilengedwe koma mukadzola sabata imodzi nkhope yayera kale, amenewo thawani, kawirikawiri mumakhala mankhwala ngati mercury kapena steroid monga clobetasol. Steroid amapyapyalitsa khungu, mercury amaononga impso, ndipo hydroquinone, mankhwala enanso oyeretsa khungu, naye ukamudzola nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda zovuta kuchotsa. Zimandiwawa kuona atsikana akuvutika nazo. Ngati madonthowo ndi zigamba zazikulu mbali zonse ziwiri, makamaka ngati zinayamba muli oyembekezera, kaonaneni ndi dokotala wa khungu, litha kukhala vuto lina la khungu lotchedwa melasma.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse, mandimu ndawasiya. Koma sunscreen amene sasiya zoyera pankhope yakuda alipo? Amene ndili naye amandimbuwitsa.