Ma citation a consortium ndiwawerenge bwanji pa fomu ya grant?

Nachisale: Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Abwana andisiyira ndime ya impact (phindu limene kafukufuku wabweretsa) pa fomu ya grant, ikufunika Lachisanu, iwo anyamuka kale kupita ku msonkhano. Ntchito yawo ndi majini a MS (multiple sclerosis, matenda a mitsempha ya mu ubongo ndi msana) ndi matenda ena amene chitetezo cha m'thupi chimaukira mwini wake. Pa Scopus, tsamba lowerengera ma citation (kangati ena atchula pepala lako), manambala ndi osangalatsa, koma ndikafufuza ambiri akuchokera pa mapepala awiri a IMSGC, consortium (gulu la ma labu a m'mayiko ambiri) yofufuza majini a MS, la mu Nature la 2011 ndi la mu Science la 2019. Dzina lawo lili pakati penipeni pa chimulu cha mayina. Ndilembe kuti iwo anapeza ma variant 233 (malo osiyana m'majini okhudzana ndi MS)? Ndikuona ngati bodza. Ndisiye? Fomu ioneka yoonda.

aGondwe: Ikani h-index (nambala yoyeza mapepala a munthu ndi ma citation ake) ndi chiwerengero chonse cha ma citation, mwamaliza. Komiti ili ndi mafomu ambirimbiri, imayang'ana manambala.

Dr Mbewe: Achemwali musayerekeze kulemba kuti "anapeza". Pepala la 2019 lili ndi odwala 47,429, magazi ochokera m'mayiko ambiri. Amene akawerenge fomu yanu mwina ali mu consortium yomweyo ndipo akudziwa amene anachita analysis ndi amene anangotumiza ma sampulo. Komanso onani kaye kuti ndalama zikuchokera kuti. UKRI ndi Wellcome, mabungwe a ku UK opereka ndalama za kafukufuku, anasaina DORA, mgwirizano wokana kuyeza ntchito ya munthu ndi impact factor (nambala ya kutchuka kwa journal), ndiye safuna kuimva.

aGondwe: DORA ndi ya papepala madokotala. Akatseka chitseko amatsegula Google Scholar.

Nankhoma: Ine zinandionekera. Ndinaika GWAS (kafukufuku wosanthula majini onse a anthu ambirimbiri) ina yaikulu pamwamba pa CV, pa interview mayi wina anangofunsa mofatsa kuti "inuyo munachitapo chiyani pamenepa?" Zoona zake ndinangotulutsa DNA m'machubu 600, miyezi inayi manja akununkha ethanol. Ndinachita chibwibwi mpaka anandipatsa madzi. Ntchito sindinaipeze.

Dr Mbewe: Mukafuna kuona mmene impact imalembedwera, onani za gulu la Lars Fugger ku Oxford. GWAS ya MS inaloza jini ya TNFRSF1A, basi, kuloza chabe. Iwo mu 2012 anaonetsa kuti variant ya mu jiniyo, rs1800693, imapangitsa thupi kutulutsa puloteni ya TNFR1 yosungunuka imene imatchinga TNF, puloteni yoyambitsa kutupa. Apa mpamene anthu anamvetsa chifukwa chake lenercept, mankhwala otchinganso TNF, pa kafukufuku amene anatuluka mu 1999, anachulukitsa ma relapse (kubwereranso kwa zizindikiro za MS) m'malo mowachepetsa, pamene mankhwala otchinga TNF amathandiza pa nyamakazi ya rheumatoid ndi matenda a m'matumbo a Crohn's. Dokotala wopereka infliximab, ena mwa mankhwalawa, amafunsa za MS kaye. Funsani abwana anu ngati ali ndi nkhani ngati imeneyi, ngakhale yaing'ono, imene inachitikira mu labu yawo.

Nachisale: Ali ndi pepala limodzi la jini ya TYK2, koma ma citation ake ndi ochepa, nchifukwa chake ndimalizemba.

aGondwe: Mwaona? Ochepa. Ndiye mukaike patsogolo chinthu chopanda manambala? Ine ndakhalapo mu komiti, ndikudziwa zimene ndikunena.

aPhiri a ku Leeds: TYK2 ndi yabwino koma mupondepo bwino. Variant yake ya P1104A imateteza ku matenda angapo otere, gulu la Fugger linalemba zimenezi mu 2016, ndipo deucravacitinib, mankhwala otchinga TYK2, anavomerezedwa ndi FDA ya ku America mu 2022 pa matenda a khungu a psoriasis. Chiyeso chake nchakuti mujambula mzere wowongoka kuchoka pa pepala la abwana kukafika pa mankhwalawo. Musatero, a kampani yopanga mankhwalawo, Bristol Myers Squibb, anali ndi ntchito yawoyawo. Chinanso, labu ya wofufuza wina, Casanova, inaonetsa mu 2018 kuti amene ali ndi makope awiri a P1104A TB imawagwira mosavuta. Wina wochokera kwathu akalemba za TYK2 osatchula TB, ine ndingadabwe.

Nankhoma: Komatu variant imeneyo ndi ya azungu kwambiri, kwathu kuno siipezekapezeka. Nkhani yomweyi ndi variant ya HLA-DRB1*15:01, mabuku onse amangoti imachulukitsa chiopsezo cha MS pafupifupi katatu ngati kuti anthu onse ndi a ku Sweden. Ine ndinayesa HLA imputation (kuyerekeza ndi kompyuta mtundu wa HLA umene munthu ali nawo) pa ma sampulo akuno ndi panel (majini ofanizira) ya ku Ulaya, zotsatira zake ndinachita kuseka ndekha mu labu usiku.

aGondwe: Zonsezi nzoona koma fomu ili ndi malire a mawu. Nambala imodzi imatenga malo ochepa.

Dr Mbewe: aGondwe nanunso. Achemwali, chinanso, musadalire Scopus yokha pa mapepala a consortium. Nthawi zina wolemba amaoneka dzina la gulu lokha, mayina a anthu ali kumapeto ngati collaborators, ndiye Scopus ndi Web of Science zimapereka manambala osiyana. Mukaika nambala, tchulani kumene mwaitenga ndi tsiku.

aPhiri a ku Leeds: aNankhoma, imputation ija munagwiritsa array (chipangizo chowerengera ma variant) iti? Ya H3Africa kapena GSA? Tili ndi vuto lofanana pa chromosome 6, ndikufuna ndidziwe ngati tizingopita ku sequencing.

Nankhoma: GSA akulu. Ndipo theka la ma sampulowo anatha ntchito magetsi atazima sabata ija, firiji ya -80 inafika pa -20 jenereta ilibe dizilo. Ndikutumizirani ku inbox zimene zinatsala.