Kupereka mkangano kwa Mulungu: ndiye kuti tingokhala chete?

NaPhiri, Kawale:
Abale mwa Ambuye, mikangano ya mapuloti ndi chuma chamasiye yafika poipa kuno ku Lilongwe, mpaka abale a mimba imodzi sakupatsana moni ngakhale pamaliro. Abusa amati tizipereke m'manja mwa Mulungu. Kodi kuperekako kumachitika bwanji? Munthu angopinda manja mnzake n'kutenga zonse?

Mkulu wa mpingo, Area 25:
Ayi mayi. Chimene mumatula ndi mtima wobwezera komanso kukakamira kuti nkhani ithe momwe inu mukufunira. Aroma 12:19 akuti kubwezera n'kwa Mulungu, koma vesi 18 yatisiyira ntchito yofunafuna mtendere momwe tingathere.

Musanapite kwa mnzanuyo, lembani zimene wachitadi, osati zimene munangomva, zimene mukufuna, ndi pamene inunso munalakwa. Mupemphero zitchuleni chilichonse pachokha monga Afilipi 4:6 akulangizira. Pemphero longoti "Ambuye mukudziwa zonse" limasiya mkwiyo uli pomwepo, chifukwa simunanene chomwe mukutula.

Kenako tsatani Mateyu 18:15-17. Pitani nokha, mukalankhule awiriwiri, osati pagulu la WhatsApp la banja. Akakana, tengani mmodzi kapena awiri amene nonse mumawalemekeza, monga atsibweni kapena ankhoswe ngati ili nkhani ya ukwati. Musatenge okukhalirani kumbuyo, iye aona ngati mwabwera ndi nkhondo. Akulu a mpingo amabwera pomaliza. Ambiri amayambira kumapeto: nkhani aitula ku Chigwirizano cha amayi ngati yoti ipemphereredwe, mawa yamveka dera lonse. Munthu amene wachititsidwa kale manyazi samvanso, amangodziteteza.

Mlangizi wa mphakati, Chinsapo:
Ndiwonjezerepo, bambo. Kukhululuka ndi kuyanjana n'zosiyana. Kukhululuka mutha kuchita nokha lero lomwe. Kuyanjana kumafuna kuti winayo avomere. Amene amasakaniza ziwirizi amadikira kupepesa komwe mwina sikudzabwera, n'kumasowa tulo zaka.

Mkwiyo ukabweranso musaganize kuti pemphero lalephera. Ku Getsemane Yesu anabwereza pemphero lomwelo katatu (Mateyu 26:44). Tsiku lililonse mutchuleni dzina wokulakwiraniyo n'kumupemphera zabwino zenizeni: thanzi, ntchito, ana ake. Poyamba pakamwa pamalemera ndithu. Mukayamba kumva dzina lake mtima osadumpha, dziwani kuti mwatuladi.

AChisale, Area 23:
Mayi, pa chuma chamasiye pali chinanso. Lamulo la Deceased Estates la 2011 limati kulanda katundu wa malemu ndi mlandu. Mayi wamasiye ndi ana akapita kwa DC kapena kwa Administrator General (ofesi ya boma yoyang'anira chuma chamasiye) sanachimwe. Ngakhale mtumwi Paulo anapempha kuti mlandu wake ukamvedwe ndi Kaisara (Machitidwe 25:11). N'zoona 1 Akorinto 6 imadzudzula kuthamangira kukhoti ndi Mkhristu mnzako, choncho yambani ndi banja ndi mpingo, koma makalata a puloti asungeni malo otetezeka ndipo musasainire chilichonse pamaliro, mutu usanakhazikike.

Ngati pali kumenyana kapena kuopsezana, musapite nokha kukakambirana. Pitani kaye ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi, zokambiranazo zidzachitike pali mboni.