Kahelikopita kaja kasiya kuzungulira

Paja ndinafunsa chifukwa chake kahelikopita kanga ka rimoti kankangozungulira n'kumatsetserekera kumbali ndikangokadzutsa. Zikomo nonse amene munayankha, zatheka tsopano.

Nkhani yagona pa gyro, kachipangizo ka m'kati kamene kamathandiza kahelikopita kukhazikika kuti kasamangozungulira. Mukakayatsa, kaikeni pamalo athyathyathya, osakagwedeza mpaka kagetsi kasiye kuphethira, kuti gyro ipeze poyambira. Kuzungulira kotsalako ndinakuthetsa ndi mabatani a trim, a pa rimoti owongolera kakamakhotera mbali imodzi, kudina pang'onopang'ono.

Kutsetsereka kuja ndi mphepo ya mapiko ake omwe, imagunda pansi n'kubwerera kudzakasokoneza. Mukakakweza kufika m'chiuno, kamakhazikika bwinobwino. Oyamba kumenefe timaopa kukweza, pomwe pansipo ndi povuta kwambiri.

Batire ndiye likundikhumudwitsabe, silichedwa kutha. Amene munati lizizire kaye ndisanalitchaje, ndikutsatira.