Gulu la banja: Ulendo wa ana wapansi kupita ku Linga

Amalume aakulu: Mwaswera bwanji nonse. Chiliza cha agogo tikavundukula Lamulungu lija tinagwirizana, tikatuluka m'mapemphero ku tchalitchi cha All Saints. Ana anayi aja akuti galimoto sakwera, ayenda wapansi kuchokera pa Kamuzu Road ku Salima mpaka ku Linga ku Nkhotakota monga ankachitira agogo awo. Ine ndavomera. Ndi makilomita opitirira 100, ndiye tikambirane kogona.

Achimwene a ku Salima: Tinaganiza zonyamuka Lachinayi, amalume. Tigone ku Khombedza, ku Benga, kenako pa Chia.

Azakhali a ku Khombedza: Kwathu khomo n'lotsegula, ana anga. Lachinayi palibe vuto. Koma mukachedwetsa n'kufika Lachisanu dzuwa litalowa, Sabata lidzakhala layamba, moto sitisonkha, mudzadya zomwe taphikiratu.

Amalume a ku Chia: Anyamuke Lachitatu. Akatero afika kuno Lachisanu madzulo, Loweruka n'kumalizitsa kamtunda katsalako, apume Lamulungu lisanafike.

Achimwene a ku Salima: Zamveka, Lachitatu m'bandakucha. Dzuwa la kunyanja silichedwa kuswa mtengo.

Mayi aang'ono a ku Joni: Pepani ndifunse, musandimve molakwa. Atsikana awiriwo sanagonepo pakhomo pa Asilamu. Bwanji pa Chia tiwalipirire resiti hausi? Ndalama nditumiza ine.

Amalume aakulu: Mlongo wanga, ayi. Pa Chia mpakhomo pa mchimwene wa amayi athu, bere limodzi. Agogowo analowa Angilikani atakwatiwa, koma ankati akadwala amathamangira komweko. Ana akagone kwa eni ndalama abale ali pomwepo? Ku Linga mzikiti ndi tchalitchi zakhala moyandikana kuyambira kale. A Jumbe, mfumu ya Chiswahili ya ku Linga kalelo, anakumana ndi David Livingstone pansi pa mkuyu uja, ndipo mtengowo ulipo mpaka pano pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Anawa akauone.

Amalume a ku Chia: Asaope chilichonse. Palibe amene adzawadzutse kuti akaswali. Adhana idzamveka kusanache, ife tidzadzuka, iwo agone. Baibulo lawo awerenge, apemphere mmene amapempherera. Ndingopempha ziwiri: mowa ndi nyama ya nkhumba zisalowe pakhomo, ngakhale m'chikwama. Atsikana avale chitenje, adzagona kwa mayi awo kuseri. Nsapato timavula pakhonde.

Mayi aang'ono a ku Joni: Zikomo achimwene, mtima wakhala pansi. Ndalamazo zipite ku shuga, sopo ndi mafuta ophikira, asafike chimanjamanja.

Alamu a ku Benga: Kuno tawasungira tambala wamkulu. Koma m'gulumo muli mwana wa achimwene a ku Chia, eti? Ndiye nkhukuyo sitipha, tidikira afike adzachinje yekha kuti tonse tidyere mbale imodzi. Madzulo timachita Korona pabwalo, wofuna akhale nafe, wotopa akagone.

Msuweni wa ku Chia: Ndidzachinja, alamu, mpeni wokha ukhale wakuthwa. China: Lachisanu masana ndidzapatukira ku mzikiti uliwonse wa m'mbali mwa msewu kukaswali Juma. Anzanga adzandidikire.

Chemwali wa ku Salima: Tidzakudikira pansi pa mango, nthawi imeneyo n'kosayendeka kale. Amalume a ku Chia, ndiwo zidzakhala chiyani? Ine kondowole ndinadya ndili mwana.

Amalume a ku Chia: Kondowole ndi chambo cha pa mlatho pompano, mpunga ukhalaponso. Kondowole umatema mbamu yaying'ono, kuviika mu msuzi n'kumeza, osalimbana nayo m'kamwa. Mutenge maneti, udzudzu wa pa Chia ndi wambiri.

Azakhali a ku Khombedza: Kwathu mlamba musayembekezere, nsomba zopanda mamba sitidya. Mudzapeza nyemba, nkhwani wotendera ndi mazira. Ndipo iwe wa CCAP, ndikudziwa umakonda mtsutso wa mavesi. Amuna anga nawonso ndi otero. Musakachezere usiku wonse za tsiku lopembedza, uli ndi ulendo m'mawa.

Achimwene a ku Salima: Ndamva azakhali, ndidzangomvetsera.

Amalume aakulu: Si kumvetsera kokha. Pakhomo lililonse mwini nyumba akamapempherera chakudya, mukhale chete mpaka amalize, kaya akuti Bismillah kaya akuchita chizindikiro cha mtanda. Chomwe simudya munene mwaulemu asanapakule. M'mawa musese pabwalo, mutunge madzi, mutsanzike bwinobwino. Pamsewu wa M5 muziyenda kumanja, moyang'anana ndi magalimoto, malori a shuga ochokera ku Dwangwa amadutsa pafupi kwambiri. Kukada musayende.

Alamu a ku Benga: Ndidzawachingamira pa njinga ndi madzi akamayandikira. Wina akatupa mapazi adzakwere.

Amalume a ku Chia: Loweruka ndidzayenda nawo ndine mpaka ku Linga. Ku tchalitchi Lamulungu tidzabwera banja lonse, tidzakhala kumbuyo, kumanda tidzapitira limodzi.

Mayi aang'ono a ku Joni: Ndatumiza kwa achimwene a ku Salima. Mugule mapaketi atatu a shuga, lililonse la khomo lake. Chenji mugulire mankhwala a matuza.

Achimwene a ku Salima: Zafika, mayi. Ndani ali ndi pawabanki yoti atibwereke?