Kodi chamwamba chingatsukedi mtovu m'impso?

Mayi_a_Chiko (Kabwe):
Moni nonse. Bambo a kunyumba akhala akutola miyala pa Black Mountain, mulu wa zotsalira za mgodi wa mtovu uja kuno ku Kabwe. Posachedwapa mapazi ayamba kutupa, mkodzo ukuchita thovu. Kuchipatala ati creatinine (zinyalala za m'magazi zimene impso zimachotsa) wakwera, impso zafooka. Mlamu wanga wabweretsa ufa wa chamwamba ndi turmeric, akuti ma antioxidant ake (zinthu zoteteza thupi kuti lisawonongeke) amatsuka mtovu. Ndiwapatse?

Namwino_wa_Ndirande:
Pepani ndi matenda, mayi. Mlamu wanuyo sakunama kotheratu. Mtovu ndi cadmium (chitsulo china chapoizoni chopezekanso m'fumbi la mgodiwo) zimapsereza timachubu ta m'impso tosefa mkodzo, ndipo ofufuza atayesa pa makoswe, curcumin wa mu turmeric, adyo ndi chamwamba zinachepetsadi kuwonongekako. Koma ndi makoswe, ndipo nthawi zambiri amawamwetsa zimenezi limodzi ndi poizoniyo, impso zikadali zabwinobwino. Kwa amuna anu mtovu uyenera kuti unakhazikika kale m'mafupa, ndipo cadmium amatenga zaka 10 mpaka 30 kuti achepe ndi theka chabe. Tiyi wa masamba sangazule zimenezo.

Ayezetse mtovu wa m'magazi. Ukapezeka wochuluka pali mankhwala oukoka, monga succimer ndi EDTA, koma dokotala ndiye aone ngati impsozo zingapirire. Ufa wa chamwamba ulinso ndi mchere wa potassium wambiri, amene impso zofooka zimalephera kutulutsa, mpaka kusokoneza mtima. Musayambe musanafunse.

Achimwene_Lusaka:
Ine funso langa ndi limodzi: chamwambacho chamera pati? Mgodi unatsekedwa mu 1994 koma fumbi lake likadali m'dothi la ku Kasanda, Makululu ndi Chowa. Fumbilo limamata pamasamba, cadmium nayenso amakwera kudzera m'mizu. Turmeric wapamsika musamukhulupirirenso kwambiri. Ku Bangladesh mu 2019 ofufuza anapeza kuti ena amathiramo utoto wa mtovu kuti aoneke wachikasu bwino.

Gogo_NaPhiri:
Mwanangu, ovolosi ndi nsapato za bambowo zizithera panja, muzichapa pazokha. M'nyumba muzikolopa, osasesa pouma. Anawo akayezedwenso, chifukwa thupi la mwana limayamwa mtovu kwambiri kuposa la wamkulu, makamaka akakhala ndi njala kapena magazi ochepa. Azidya kapenta ndi nyemba, ndipo asamaseweretse dothi.

Mayi_a_Chiko (Kabwe):
Zikomo nonse. Ndamuimbira mlamu, akuti masambawo anathyola kuseri kwa nyumba yake, ku Chowa komweko. Ufawo ndaubisa kaye. Lolemba tikupita kukayezetsa, ana awiri aja ndiwatenganso. Anamwino, kuyezako kumafuna munthu asanadye kanthu?